Ndinawaveka zisoti zolakwika anthu akwathu omwe, za tiasilikali tanga ta nkhondo ya ku Karonga

Ndimagwira ntchito yosamala okalamba ku Nottingham kuno, mashifiti ausiku, nde masana anthu onse ali kuntchito ine ndimangokhala ndekha m'nyumba maso ali gwa ngati kadzidzi. Za tiasilikali izi anandiyambitsa ndi madala ena amene ndinkawasamala. Anali ndi kabokosi pansi pa bedi kodzadza tizidole tachitsulo, manja awo anali atayamba kunjenjemera moti bulashi samathanso kuyigwira, tsiku lina anangondipatsira amvekere tayesa iwe maso ako akadali abwino. Koyamba kamene ndinapenta kanatuluka ngati kagwera muphala, iwo kuseka mpaka kutsokomola. Kenako mpamene ndinadziwa kuti tauni imene ndimakhalayi ndi kuchimake kwa zimenezi, makampani opanga tizidoleti, Games Workshop ili konkuno, Warlord Games konkuno, Perry Miniatures konkunonso, ine zaka zonsezi kumangodutsa pa basi osadziwa kanthu.

Kwa amene simunazionepo, ndi tianthu tating'ono, kutalika kwake mamilimita 28 kapena kupitirirako pang'ono. Mumatigula tosapenta, tina ta pulasitiki tina tachitsulo, mumatilumikiza nokha, kutipenta, kenako kupanga mudzi, mitengo, mtsinje pathebulo la mafiti 6 mulitali ndi 4 mulifupi, nkumamenyanitsa magulu awiri pogwiritsa ntchito madayisi ndi tepi yoyezera. Mayi akunyumba amati ndi masanje a azibambo. Sindinawatsutsepo.

Tsiku loyamba kupita ku kalabu ya anthu osewera tizidoleti ndinapeza thebulo lina akuti ndi Africa. Abale, kubiriwira kokhakokha, timitengo ta pulasitiki tija amaika mu thanki ya nsomba, azungu apathebulopo aliyense ali ndi dzina ndi udindo wake, mbali inayo chigulu cha anthu akuda onse nkhope imodzi, nthungo m'mwamba. Sindinayankhule. Bambo ena a ndevu zoyera anandifunsa kwathu, nditati Malawi iwo maso tong'o, amvekere Nyasaland, Karonga 1914. Anayamba kundifotokozera za kwathu komwe ine ndili duu. Zoti pa 13 August 1914 sitima ya Angelezi ya Guendolen inakawombera ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven tsidya la nyanja, kumene pano amati Liuli, ndinkazidziwako pang'ono chifukwa mfuti yake ndinayionapo pa Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Koma za pa 9 September ayi. Zoti gulu la Captain Barton, la mbali ya Angelezi, limapita kumpoto cha ku Songwe, Majeremani ndi ma askari awo, asilikali achikuda, akubwera kummwera, nkuphonyana usiku osaonana, Majeremani kudzafikira pa boma la Karonga pamene panatsala anthu ochepa, Barton kubwerera msangamsanga nkudzamenyana mpaka ku Kasoa, zonsezi ndinazimva kwa mzungu wa ku Nottingham. Manyazi anandigwira. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti thebulo la Karonga ndilipanga ndekha.

Vuto loyamba, ma askari a King's African Rifles (KAR), amene ankamenyera Angelezi, a nthawi imeneyo simuwapeza mu bokosi lotchipa la pulasitiki. Achitsulo alipo, makampani angapo amapanga, koma ukawerengera mtengo wa anthu 50 kuphatikiza positi umaona kuti ndi fizi ya mwana wa mchemwali wako kumudzi. Nde njira ndi yodula ndi kumata. Ndinagula mabokosi awiri a Perry, lina la asilikali a Britain a m'chipululu a nkhondo yachiwiri chifukwa amavala akabudula, lina la Azulu la 1879. Thupi kuchokera uku, mutu ndi mapazi kuchokera uko. Mu bokosi la Azulu sankhani mitu ya anyamata osakwatira, yopanda chingwe chozungulira pamutu chija, simuvutika kupala.

Pathupi pali ntchito. Matumba akuluakulu awiri a pachifuwa ndi a nkhondo yachiwiri, mu 1914 kunalibe, nde mumawasenga pang'onopang'ono ndi kampeni ka opaleshoni. Ndikuti kusenga, ngati mukusenda mbatata yaying'ono, osati kudula kamodzi. Ine ndinafuna kudula kamodzi, mpeni unatereka nkulowa m'chala chachikulu chakumanzere, chipsera chilipo mpaka lero ndipo shifiti ya usiku umenewo ndinagwira ndi magolovesi awiri. Mpeni uziloza kutali ndi chala, ndipo leza ikangoyamba kubuntha sinthani, yobuntha ndi imene imakuchekani chifukwa mumakankha ndi mphamvu. Ma askari athu kutchire ankavala juzi ya buluu woderapo, kabudula wa khaki, ndi nsalu zokulunga m'miyendo, ambiri opanda nsapato kapena ndi nkhwayira chabe. Juziyo ndimayipanga pomata Green Stuff, phala lokanya ngati dongo limene limauma gwa, wopyapyala pamwamba pa shati kubisa matumba ndi mikono yopinda ija. Zokulunga m'miyendo ndiye zophweka, dulani tepi ya pepala ija amamata openta nyumba, kamzere kopyapyala ngati milimita imodzi, kulungani kuyambira pa kakolo kukwera, dontheza supagulu wamadzimadzi kuti iume gwa. Nsapato ndimadula pa kakolo nkuikapo phazi la Mzulu. Pulasitiki ndi pulasitiki gwiritsani guluu wa pulasitiki amene amasungunula mbali ziwirizo nkuzigwirizanitsa, supagulu musungire zachitsulo.

Green Stuff uja ali ndi khalidwe lake. Ndi timizere tiwiri, yachikasu ndi ya buluu, mumakanya mpaka zibiriwire. Mukangomaliza kukanya amamata chilichonse kupatula pamene mukufuna, nde musiyeni kaye mphindi 20 kapena 30, ndipo chida chanu muzichinyowetsa ndi madzi kapena kupaka ka Vaseline pang'ono. Chinthu chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse nchakuti simungapange zonse tsiku limodzi. Mwapanga juzi, siyani igone. Mawa chisoti. Mukafuna zonse kamodzi mudzapeza chidindo cha chala chanu pamsana pa msilikali aliyense ngati munawalembetsa mavoti. Milliput, phala lina longa lomweli, ndi wabwino pa zinthu zikuluzikulu chifukwa akauma amapalika ndi sandipepa, ndipo amene muli kumudzi kapena ku Joni, Pratley Putty wa mu hadiweya uja amagwira ntchito yomweyo pa miphika, mitengo ndi zipupa.

Tsopano nkhani ya zisoti, ndiyo inandiwawa. Chisoti cha askari chija chonga kachitini ndinachipanga ndi mafelemu a pulasitiki amene tizidole timabwera titamatirirapo, musamataye amenewo. Kudula kachidutswa, kupala kuti kumtunda kuchepeko, kusenga mutu pamwamba kuti pakhale fulati, kumata. Ndinapanga 24. Ndinazipenta zofiira piriwiri zonse, ndi kangale kakuda kolendewera, chifukwa m'mutu mwanga askari wa KAR ndi chisoti chofiira basi. Ndinanyamula monyadira kupita nazo ku kalabu. Bambo a ndevu aja anatenga kamodzi, kukatembenuza, amvekere ntchito yabwino kwambiri koma awa si akwanu. Zofiirazo zinali za mabataliyoni ena, a ku Nyasaland ankavala zakuda, ndiponso popita kunkhondo ankachiphimba ndi nsalu ya khaki yokhala ndi kansalu kogwera pakhosi kumbuyo kotchinga dzuwa. Ine zithunzi ndinaziona ndithu, koma zithunzi za nthawi imeneyo zilibe mtundu, chofiira ndi chakuda zimaoneka chimodzimodzi. Ndinabwerera nazo. Ambiri ndinawaikira kansalu kakumbuyoko ndi kachitsulo kofewa ka chubu cha tomato wophikira, kutsuka, kutambasula ndi supuni, kudula ndi sizasi, kamapindika bwino kwambiri ngati nsalu yeniyeni. Anayi okha ndinawasiyira zakuda kuti anthu azifunsa. Nde musanatsegule botolo la penti funsani kaye kwa anthu awiri atatu amene anaziwerenga bwino, kufunsa nkwaulere koma kupentanso mitu 24 ndi masabata awiri.

Khungu. Apa ndiye ndimakangana ndi anthu. Ambiri amapaka lakuda bii kenako nkupititsa ka gireyi pamwamba, munthu nkumaoneka ngati tayala. Palibe m'bale wanga wooneka choncho. Ine ndimayamba ndi bulauni woderapo kwambiri, pamwamba bulauni wofiirira, pamphuno, pamasaya ndi pamapewa ndimawonjezera kachikasu pang'ono, osati oyera chifukwa oyera amatuwitsa ngati munthu wosadzola. Ndipo musapente onse mofanana. M'gulu limenelo munali Ayao, Atonga, Angoni, anthu osiyana, ngakhale m'banja limodzi wina amakhala woyererapo. Ndimasakaniza mitundu itatu nkumasinthasintha. Zikhatho ndi pansi pa phazi ziwalireko.

Ma askari a Majeremani ndinangogula achitsulo ochepa, sindinalimbane nawo. Chimodzi chokha, ambiri a iwo anali ndi mfuti zakale za Mauser za 1871 za onga wofuka utsi, nde akawombera pathebulo ndimaika kathonje patsogolo pawo, aliyense aone pamene abisala. Thonje la mu famase lomweli, kulinyowetsa mu tiyi pang'ono kuti lisayere mbuu.

Koma amene ananditengera mtima ndi amtengatenga. Agogo anga aakazi ankanena kuti bambo awo anapita ku nkhondo ya Chiwaya, osati ndi mfuti koma ndi katundu pamutu, anachita kugwidwa pamudzi, ndipo atabwerako sankafuna kumva za ulendo uliwonse ngakhale wa kumsika. Ndili mwana ndinkangoseka. Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti asilikali ochokera ku Nyasaland anali cha m'ma 19,000 koma onyamula katundu anali pafupifupi 200,000, makamaka kuyambira 1916 pamene General Northey ananyamuka ndi gulu lake kulowa m'dziko la Majeremani. Katundu wopitirira makilo 20 pamutu, mapiri, mvula, kamwazi, njala. Pamathebulo ambiri anthu amenewa mulibe, kapena alipo atatu oyimika pakona ngati maluwa. Ine ndinati kwa askari aliyense ndikufuna wamtengatenga m'modzi, ngakhale kwenikweni anali ochuluka kuposa pamenepo.

Matupi ndi a Azulu omwe aja. Mumasenga zokongoletsa zonse, michira ya ng'ombe, zam'chiuno, kusiya thupi lokha. Mkono wogwira nthungo uli kale m'mwamba nde mumangoudula paphewa nkuutembenuza kuti dzanja lifike pambali pa katundu, mpata wotsala paphewa nkutseka ndi Green Stuff. Nsalu ya m'chiuno ndimagwiritsa ntchito tishu yonyowetsa mu guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, kukulunga ndi chotokosera m'mano, ikauma imakhala ndi makwinya enieni. Ena ndinawaveka bulangete paphewa, ena shati yong'ambika. Katundu ndi timabokosi ta thabwa lopepuka la balsa, matumba a ufa a Milliput omanga ndi ulusi, awiri anyamula chiwaya pamtengo. Katundu wolemera ngati wachitsulo boolani kabowo m'mutu ndi m'katundumo muikemo kawaya ka pepa kilipu, apo ayi adzagwa tsiku loyamba m'chikwama.

Oyamba khumi nditamaliza ndinawajambula nkutumiza pa WhatsApp kwa mayi anga. Yankho linabwera la mawu, akuseka, amvekere anthu akowo afika nawo kuti katunduyo opanda nkhata. Ndinangoti kakasi. Zaka zonse ndatunga madzi ine, kuiwala nkhata. Palibe wa ku kalabu akanaziona zimenezo, ngakhale bambo a ndevu aja ndi mabuku awo onse. Ndinabenthula katundu yense, kupota kaulusi ka Green Stuff kukhala kamkombero, kuika pamutu, kubwezeretsa katundu. Pano ndi chinthu choyamba chimene ndimaonetsa munthu akatenga kamodzi m'manja.

Poyimika tizidole ndimagwiritsa ntchito makobidi a 2p ndi 1p. Opangidwa kuyambira 1992 mkati mwake ndi chitsulo, amagwira maginito, nde mukamata pepala la maginito pansi pa bokosi asilikali sagubuduzika pa basi. Mawashala a mu hadiweya amachitanso chimodzimodzi.

Za malo tsopano. September ku Karonga ndi chilimwe, kotentha, udzu wauma, kwina kopsa ndi moto wolusa. Nde kubiriwira kwa mu thanki ya nsomba kuja iwalani. Komanso musathamangire dothi lofiira ngati la ku Thyolo, kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja nthaka ndi yotuwirako, yamchenga. Ndinaganizapo zouza munthu kuti andibweretsere dothi lenileni m'botolo koma kulowetsa dothi m'dziko muno nkoletsedwa, musamuike m'mavuto wachibale pa eyapoti. Mchenga wa omanga nyumba wosefa, guluu wa matabwa ndi penti ya m'nyumba ya timabotolo toyesera zimakwana. Mchengawo uyanikeni kaye mu uvuni, woyamba wanga unali wonyowa unachita nkhungu. Bolodi yoyamba ndinapangira pa katoni, guluu atauma inapindika ngati chiwaya cha tchipisi, nde gwiritsani thabwa la MDF ndipo mupake mbali zonse ziwiri. Zitunda ndi magombe a mtsinje wa North Rukuru ndinasema pa kaylite, choyera chopepuka chija amatetezera katundu m'makatoni. Chenjezo, kaylite ndi penti yopopera ndi adani, ndinapopera kamodzi chitunda chonse chinasungunuka ndikuona. Pakani kaye guluu wa matabwa kawiri kapena ingopentani ndi bulashi. Ndipo yopoperayo kuno musapope panja kukuzizira kapena kuli chinyezi, tizidole timatuluka ndi timibulu ngati tadwala chikuku.

Udzu wautali ndi chopondera pakhomo cha makoko a kokonati, kudula zidutswa. Wina ndi chingwe cha khonje chomasula, kudula timitolo, kuviika kumunsi mu guluu nkudzala. Chimene chimapangitsa kuti pakhale pa Karonga osati pena paliponse ndi nthochi. Midzi ya Ankhonde inali m'kati mwa nthochi, ndi ng'ombe zawo, ndipo nthochi zokhazo ndizo zimabiriwira pathebulo lonse nde zimakoka maso. Tsamba lililonse ndi kawaya kopyapyala pakati pa tepi ya pepala ziwiri, kudula ngati tsamba, kenako kulicheka m'mbali ndi sizasi chifukwa tsamba la nthochi losang'ambika ndi mphepo kulibe. Masamba asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kupotera pamodzi, thunthu kukulunga tepi, awiri apansi kuwapinda agwe nkuwapenta bulauni ngati ouma. Ndinapanga 40 mu mwezi wathunthu, zina pa shifiti nthawi ya 3 koloko m'bandakucha onse atagona, mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi anafika pondithandiza kucheka masamba uku akunditukwana.

Nyumba ndi zophweka kuposa m'mene zimaonekera. Chubu cha katoni cholimba, kudula masentimita anayi, kumata timitengo tootchera nyama kapena ta tsache kuzungulira, kupaka fila wa m'zipupa mosasalaza kwambiri. Denga ndi katoni yopinda ngati fanulo, pamwamba thaulo lakale loviika mu guluu wamadzi nkulipesa kulozetsa pansi ndi mswachi. Denga lituluke kwambiri kupitirira chipupa, pakhale khonde, anthu ambiri amalifupikitsa nyumba nkumaoneka ngati bowa wosakhwima. Udzu wa padenga si wachikasu ngati wa chaka chino, ndi wotuwa, pamwamba wakuda ndi utsi. Denga musamate, lizichoka, kuti muzitha kubisamo asilikali. Mlambe ndinapanga umodzi, botolo la mankhwala a chifuwa ndilo thunthu, nthambi za waya wopota, pamwamba tishu ndi guluu kenako Milliput, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe chifukwa nthawi imeneyo umakhala utayoyola. Ndiponso timitondo, madengu, mphika pa mafuwa atatu, nkhuku ziwiri. Tinthu timeneti sitimenya nkhondo koma tikakhalapo osewera amayamba okha kuzengereza kuwombera m'mudzimo, ndaziona ndi maso anga.

Pena ndimadzifunsa ngati nkoyenera kusewera ndi zimenezi. Nkhondo yomweyi ya ku Karonga ndi imene inapangitsa John Chilembwe kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, miyezi iwiri chabe asanaukire mu January 1915. Nde ine mdzukulu wa wamtengatenga ndili pano kuponya madayisi. Chimene ndinachita nchakuti tikamasewera pathebulo langa pali lamulo langa limodzi lowonjezera. Gulu lililonse lili ndi amtengatenga ake, ndipo chipolopolo chikagwa pafupi nawo timaponya dayisi, akhoza kutaya katundu nkuthawira kwawo. Akathawa, gululo zipolopolo zimatha mbali iliyonse ikangosewera kawiri ndipo chiwaya sichisunthanso. Tsiku loyamba mnyamata wina amene ankatsogolera Majeremani anawasiya poyera osawalabadira, onse anabalalika, iye kukwiya amvekere lamulo limeneli si lachilungamo. Ndinamuuza kuti akadandaule kwa agogo anga. Masewera achiwiri anawabisa kuseri kwa nthochi ndi asilikali anayi owalondera.

Pano ndayamba kusonkhanitsa timitengo ta linga la Mlozi, wogulitsa akapolo uja, chifukwa nthochi, nyumba ndi mtsinje womwewu zigwiranso ntchito pa nkhondo ija ya ku Karonga komweko imene inayamba mu 1887 nkutha December 1895, nde sindiyambiranso pachiyambi. Pawindo pali amtengatenga 11 opanda mikono akudikira. Nkhokwe imene ndinamaliza sabata yatha ndinayitumizanso kwa mayi, ayankha kuti miyendo yake yafupika kwambiri makoswe alowa, nde Loweruka ndikuyibenthula.